Jakisoni wapamsana, ketamine kapena kugoneka ndi mpweya: zimene njira iliyonse imachita m'thupi opaleshoni yam'mimba ikatha

Munthu akang'ambidwa pamimba, thupi lake silidziwa kuti mpeniwo wabwera kudzathandiza. Limadziteteza monga mwa wovulala aliyense. Minyewa ya pabalapo imatumiza uthenga kudzera mumsana mpaka ku ubongo, ndipo mahomoni a pangozi amakhuthuka: cortisol, adrenaline, glucagon, ndi ena osunga madzi ndi mchere. Cortisol, amene masiku onse amakhala cha m'ma 400 nmol/L, akhoza kudutsa 1500 pakatha maola 4 mpaka 6 chiyambireni opaleshoni yaikulu. Chiwindi chimathira shuga wambiri m'magazi, minofu imaleka kumvera insulin, ndipo thupi limayamba kuphwanya minofu yake yomwe kuti lipangire shuga wina. Pa opaleshoni yaikulu yam'mimba munthu akhoza kutaya mnofu wofika theka la kilogalamu pa tsiku. Zimenezi wasayansi David Cuthbertson adazifotokoza ku Glasgow m'zaka za m'ma 1930, ataona kuti anthu othyoka mafupa ankataya nitrogen wambiri m'mkodzo ngakhale akudya bwino.

Wodwala wonenepa bwino amapirira masiku anayi kapena asanu a kuwonongekaku. Koma ambiri amene amafika ku fiyeta ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona sabwera ndi nkhokwe yotero. Mayi wakhala pamatenda usiku wonse, wakwera njinga ya kabaza dzuwa likuswa mtengo, magazi ndi ochepa kale chifukwa cha malungo. Bambo wa matumbo opotana wasanza masiku atatu asadaganize zobwera. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukadutsa madigiri 40, munthu amauma ngakhale atangogona pakhonde la wodi kudikira dzina lake. Kwa anthu otere, shuga wokwera amabweretsa mafinya pabala, mnofu wotayika umafooketsa kupuma ndi kutsokomola, ndipo ulusi wa m'matumbo umachedwa kugwira. N'chifukwa chake funso la mankhwala ogonetsa silithera poti wodwala asamve ululu patebulo.

Jakisoni wapamsana

Pa opaleshoni ya pansi pa mchombo, monga siza, hernia, kuchotsa chiberekero kapena ya chikhodzodzo, palibe njira yotsika mtengo imene imatseka uthenga wa pabala bwino kuposa iyi. Mankhwala a dzanzi otchedwa bupivacaine wolemera wa 0.5%, mamililita 2 mpaka 2.5 pa siza, wobayidwa pakati pa mafupa a msana a m'chiuno L3 ndi L4 ndi singano yopyapyala ya 25G, amachititsa dzanzi kuyambira kumapazi mpaka pa mawere. Dzanzi likafika pamenepo, uthenga sufika ku ubongo, ndipo lamulo lopita ku chiwindi ndi ku tiziwalo ta pamwamba pa impso nalo limaduka. Shuga ndi cortisol sizikwera kwenikweni nthawi yonse imene mankhwala akugwira. Wodwala sasanza kwambiri, amatha kumwa msanga, mayi amayamwitsa asadatuluke n'komwe m'chipinda chotsitsimukira.

Pali zovuta ziwiri. Choyamba n'chakuti ubwino wonsewu ndi wa maola 2 kapena 3 okha. Dzanzi likatha, wodwala ali pabedi m'wodi popanda mankhwala ena opha ululu, mahomoni aja amakwera ngati sipadachitike kanthu. Ambiri amaiwala zimenezi chifukwa wodwala amachoka ku fiyeta akumwetulira. Paracetamol wa galamu 1 ayambe dzanzi lisadathe, azipitirira maola 6 aliwonse mosadikira kuti wodwala alire, ndipo diclofenac awonjezedwe pokhapokha ngati mkodzo ukutuluka bwino ndipo magazi sakutayika. Kumene kuli morphine woyenera kubaya pamsana, wopanda mankhwala osungira, mamaikrogalamu 100 amakankhira ululu kutali maola 12 mpaka 24, koma pakhale woyang'anira kapumidwe usiku wonse.

Chachiwiri n'choopsa. Jakisoniyu amamasula mitsempha ya magazi, BP imagwa. Mwa munthu wamadzi okwanira, lita imodzi ya dilipi ya Ringer's lactate yothamangitsidwa nthawi yomweyo, kupendeketsa mayi kumanzere, ndi ephedrine wa 6 mg, mankhwala okweza BP, zimakonza vutoli. Ephedrine akasowa, adrenaline wa 1 mg wosungunulidwa m'mamililita 100 amapereka mamaikrogalamu 10 pa mililita iliyonse, ndipo theka la mililita kapena mililita imodzi imakwana. Mwa munthu wouma kapena amene akutaya magazi, mitsempha yofinyika ija ndiyo imamusunga moyo. Mukaimasula, mtima ukhoza kuima pasadathe mphindi zisanu, ndipo ngakhale usaime, impso ndi matumbo zimasowa magazi, asidi n'kuchuluka m'magazi. Mtima ukugunda kupitirira 110 kapena 120, manja akuzizira, lilime lauma, mkodzo wochepa wofiirira: ameneyo si wa jakisoni wapamsana, ngakhale BP ikuoneka yabwino. Achinyamata amasunga BP mpaka mochedwa, choncho nambala imeneyi yokha isakunyengeni.

Epidural

M'mabuku, iyi ndiyo imaposa zonse pankhani ya shuga ndi minofu. Kapaipi kakang'ono kamasiyidwa pamsana, cha pa mafupa a msana a pachifuwa T7 mpaka T10 pa opaleshoni yaikulu yam'mimba, ndipo bupivacaine wochepa mphamvu, wa 0.1% kapena 0.125%, amadontha kwa masiku awiri kapena atatu. Popeza dzanzi limapitirira, kuphwanyika kwa minofu kumachepa, shuga sakwera kwambiri, ndipo matumbo amadzuka msanga. Pa opaleshoni ya pamwamba pa mchombo cortisol amakwerabe, chifukwa uthenga wina umadutsira minyewa ya vagus ndi phrenic, imene mankhwala a pamsana saifikira.

Koma epidural imafuna singano yake, pampu, ndi namwino woyeza BP ndi mphamvu za miyendo maola ochepa aliwonse. M'wodi momwe namwino mmodzi amagona ndi odwala makumi angapo, BP ikhoza kugwa pakati pa usiku popanda woona, ndipo kapaipi kosasamalidwa m'nyengo ya thukuta kamalowetsa tizilombo pafupi ndi msana. Ngakhale kumaiko olemera, kafukufuku wamkulu sadaonetse kuti imachepetsa imfa. Ife sitingailimbikitse pachipatala cha boma laling'ono pokhapokha pali bedi loyang'aniridwa mwapadera.

Ketamine

Ketamine wapulumutsa anthu ambiri kuno, ndipo ayenera kumvetsedwa bwino, chifukwa mphamvu yake ndi kufooka kwake zimachokera pamodzi. Amadzutsa minyewa yomweyo imene jakisoni wapamsana amaigoneka. Mtima umathamanga, mitsempha imafinyika, BP imakhazikika kapena kukwera, ndipo munthu nthawi zambiri amapumabe yekha. Mayi wa mimba yomera panja pa chiberekero imene yaphulika, kapena wa chiberekero chong'ambika, magazi ali thoo m'mimba, ketamine ndiye mankhwala ake: 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu mumtsempha. Wodwala akafooka kwambiri mlingo utsike kufika pa 0.5 mpaka 1 mg, chifukwa munthu amene adrenaline wake watha kale, ketamine naye amagwetsa mtima.

Pankhani ya kagwiritsidwe ntchito ka chakudya m'thupi, ketamine saletsa kanthu. Cortisol ndi adrenaline zimakwera, shuga amakwera, ndipo mtima wothamanga umadya okosijeni wambiri mwa munthu amene magazi ake ndi ochepa kale. Choncho okosijeni aperekedwe nthawi zonse, kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni kakhale kakulira, ndipo shuga ayezedwe opaleshoni ikadutsa ola limodzi. Kwa mayi wa BP yokwera ya pathupi, makamaka amene wakomokapo, ketamine ndi wosayenera.

Pali zina zimene zimachedwetsa kuchira mosaonekera. Malovu amachuluka, ndipo atropine wa 0.6 mg amene amawaumitsa amathamangitsanso mtima n'kuchepetsa thukuta. M'fiyeta yotentha yopanda makina oziziritsa, mwana wotentha thupi kale amene wapatsidwa atropine n'kufunditsidwa nsalu zambiri akhoza kutentha mopitirira. Maloto oopsa podzuka amaletsedwa ndi diazepam, koma diazepam amakhalitsa m'thupi: wodwala wopatsidwa 10 mg kapena kuposa amagona mpaka madzulo, osamwa, osatsokomola, osatembenuka. Mamiligalamu 2.5 mpaka 5 amakwana kwa ambiri. Ndipo ketamine yekha safewetsa minofu ya pamimba. Wochita opaleshoni amalimbana ndi matumbo otumphuka, amakoka mwamphamvu, nthawi imatalika, ndipo kukula kwa bala ndi kutalika kwa nthawi ndizo zimakuza chisokonezo chonse chija. Pa laparotomy yeniyeni, ndiko kutsegula mimba, ketamine akhale woyambitsira tulo, kenako paipi yopumira ndi mankhwala ofewetsa minofu.

Ubwino wake wina umene sugwiritsidwa ntchito mokwanira ndi mlingo wochepa. Ketamine wa 0.25 mpaka 0.5 mg pa kilogalamu, woperekedwa pa nthawi ya opaleshoni kwa munthu wogonekedwa ndi njira ina, amachepetsa morphine kapena pethidine, mankhwala amphamvu opha ululu, wofunika pambuyo pake. Pethidine akachepa, matumbo amadzuka msanga, ndipo wodwala amayamba kudya msanga.

Kugoneka ndi mpweya ndi paipi yopumira

Matumbo opotana, matumbo oboola chifukwa cha taifodi, chilonda cha m'mimba chophulika: zonsezi zimafuna paipi pakhosi, chifukwa m'mimba mwadzaza ndipo masanzi akalowa m'mapapo ndi imfa. Apa palibe kusankha kwenikweni, koma tizidziwa mtengo wake. Mpweya wogonetsa, kaya halothane kaya isoflurane, umagoneka ubongo woganiza koma sutseka uthenga wa pabala. Umachepetsanso katulutsidwe ka insulin, motero shuga amakwera kuposa pa jakisoni wapamsana. Propofol, wogonetsa wobaya mumtsempha, sakweza shuga chotero, koma amagwetsa BP kwambiri mwa munthu wouma, ndipo thiopentone nayenso n'chimodzimodzi.

Pakati pa mipweya iwiriyi kusiyana kwakukulu kuli ku chiwindi. Gawo la halothane lofika 20% limagayidwa m'chiwindi, pamene la isoflurane ndi 0.2% yokha. Halothane amachepetsa magazi opita ku chiwindi, ndipo mwa apo ndi apo amachitupitsa moopsa, makamaka akabwerezedwa pasadathe miyezi itatu. Kuno kumene likodzo la m'matumbo, kachasu ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B zavulaza kale ziwindi zambiri, wodwala wa chikasu kapena wobwerera ku fiyeta kachiwiri apatsidwe isoflurane ngati alipo, kapena ketamine wa m'dilipi. Halothane amasokonezanso kagundidwe ka mtima pamene adrenaline wachuluka, ndipo amafewetsa chiberekero: pa siza asapitirire 0.5% mwana akangotuluka.

Suxamethonium, wofewetsa minofu polowetsa paipi, 1 mpaka 1.5 mg pa kilogalamu, amakweza potaziyamu ndi pafupifupi 0.5 mmol/L. Kwa ambiri si kanthu, koma kwa amene impso zaima kapena wapsa ndi moto masiku apitawo zikhoza kuimitsa mtima. Mankhwalawa, pamodzi ndi oxytocin, amafuna firiji ya madigiri 2 mpaka 8. Botolo limene lakhala pathireyi milungu ingapo m'kutentha kwa kuno limatha mphamvu, ndipo wogonetsa amazindikira nsagwada zitakana kumasuka.

Mankhwala a gulu la morphine ochuluka kwambiri amatha kuletsa cortisol, koma mlingo wake umasiya munthu wosatha kupuma yekha kwa maola ambiri, ndiye popanda makina opumitsa si nkhani yoti tiiganizire. Dexamethasone wa 4 mpaka 8 mg woletsa kusanza amakweza shuga tsiku loyamba. Kwa wa matenda a shuga 4 mg akwane, ndipo ayezedwe.

Za kuzizira anthu amadabwa nazo. M'chigwa chotentha chonchi, wodwala wogonekedwa amatsikabe kutentha kwa m'kati ndi digiri 1 mpaka 1.5 mu ola loyamba, chifukwa mitsempha ya pakhungu imatseguka, kutentha kwa m'kati n'kuthawira kunja. Onjezani mimba yotsegula, makina oziziritsa m'fiyeta, ndi madzi otsukira m'mimba osafunditsa. Podzuka amanjenjemera, minofu n'kumadya okosijeni wochuluka pa nthawi imene mapapo sadakhazikike, magazi amachedwa kuundana, bala limachedwa kupola. Madilipi ndi madzi otsukira afunditsidwe kufika pa kutentha kwa thupi, mutu ndi manja zifunditsidwe, ndipo pethidine wa 25 mg mumtsempha amaletsa kunjenjemera.

Dzanzi la pamalo pomwepo

Hernia ya m'mphechepeche yosakanirira ikhoza kuchitidwa ndi lidocaine yekha, osapitirira 3 mg pa kilogalamu, kapena 7 mg akasakanizidwa ndi adrenaline. Gogo wa mtima wofooka amatsika patebulo n'kumwa phala tsiku lomwelo, thupi lisadasokonezeke kwenikweni. Pa opaleshoni yaikulu, kubaya bupivacaine m'mbali mwa bala potseka, osapitirira 2 mg pa kilogalamu, kapena TAP block, jakisoni wa dzanzi wobaya pakati pa minofu ya khoma la mimba, kumene alipo woidziwa, kumachepetsa ululu wa khoma la mimba kwa maola angapo. Sikufika pa ululu wa m'matumbo ndipo sikuletsa mahomoni monga epidural, koma n'kotsika mtengo ndipo sikufuna woyang'anira usiku. Munthu wa makilogalamu 50 malire ake ndi 100 mg, ndiwo mamililita 20 a 0.5%, kapena 40 mukasungunula kufika pa 0.25%. Muyezeni wodwala pa sikelo, musayerekeze ndi maso.

Zimene zimachitika m'wodi

Kafukufuku wa Paul Fenton ndi anzake, wofalitsidwa mu 2003, adatsatira masiza 8070 m'zipatala za m'Malawi. Amayi 85 adamwalira, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse adafera m'wodi, osati patebulo. Nkhani ya shuga ndi minofu nayo ili chomwecho: njira yogonetsera imalamulira maola ochepa, masiku otsalawo amalamulidwa ndi ululu, madzi ndi chakudya.

Kusala kudya kwautali ndiko kumawononga kwambiri, ndipo n'kosavuta kukonza. Lamulo lakale lakuti osadya osamwa kuyambira pakati pa usiku limasiya munthu wochitidwa opaleshoni 2 koloko masana atauma maola 14, ndipo akaimitsidwa mpaka mawa amabwerezanso. Shuga wosungidwa m'chiwindi ndi magalamu pafupifupi 100, ndipo amatha m'tsiku limodzi. Thupi lolowa m'fiyeta ndi njala limakana insulin kwambiri pambuyo pake. Chakudya chilekeke maola 6 opaleshoni isadayambe, bere maola 4, madzi oyera maola 2. Tiyi wa shuga wopanda mkaka ali m'gulu la madzi oyera, ndipo kapu imodzi kapena awiri maola 2 nthawi isadakwane amathandiza. Thobwa ndi phala lamadzimadzi ndi chakudya, ndipo agadiyani auzidwe momveka, chifukwa kwa iwo thobwa ndi chakumwa. Izi n'za opaleshoni yokonzekera. Wa matumbo otsekeka samwa kanthu.

Pambuyo pake, mayi wa siza yopanda zovuta amwe madzi pakangotha maola ochepa ndipo adye tsiku lomwelo, osadikira kuphwisa. Ngakhale amene matumbo adulidwa n'kulumikizidwa amapindula akayamba kumwa ndi kudya pang'ono m'maola 24 oyamba, ngati mimba siikutupa ndipo sakusanza. Maganizo amenewa adatchuka ndi dokotala wa opaleshoni Henrik Kehlet wa ku Denmark m'zaka za m'ma 1990, ndipo safuna chipangizo chilichonse. Likuni phala, phala la mapira lothira nsinjiro, dzira, msuzi wa mlamba: chofunika ndi chakudya chomanga thupi, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Amene wakhala masiku opitirira 5 osadya, kapena wowonda kwambiri, ayambe ndi zochepa ndithu ndipo apatsidwe vitamini wa thiamine, chifukwa chakudya chambiri mwadzidzidzi chimagwetsa phosphate ndi potaziyamu, mtima n'kusokonezeka.

Amene sangadye amafuna madzi a mamililita 25 mpaka 30 pa kilogalamu pa tsiku, kuwonjezera otayika m'paipi ya m'mphuno, m'malungo ndi m'thukuta, limene kuno si lochepa. Dextrose wa 5% yekha ndi msampha: lita imodzi ili ndi magalamu 50 okha a shuga, ndipo popeza thupi likusunga madzi masiku oyambawa, mchere wa m'magazi umasungunuka, wodwala n'kuyamba kubalalika mutu, mwana n'kukomoka. Normal saline wochuluka naye amawonjezera asidi. Ringer's lactate ndiye wobwezera zotayika, kuphatikiza shuga wa magalamu 50 mpaka 100 pa tsiku. Potaziyamu amafunika pafupifupi 1 mmol pa kilogalamu pa tsiku, ndipo Ringer's ali ndi 4 kapena 5 mmol yokha pa lita. Mimba yokana kudzuka tsiku lachinayi kawirikawiri imakhala ya potaziyamu wotsika kapena ya pethidine wochuluka, koma ikabwera ndi kutentha thupi ndi mtima wothamanga, ganizani za ulusi wa m'matumbo wotayitsa.

Shuga akhale pakati pa 6 ndi 10 mmol/L, kapena 108 mpaka 180 pa makina owerenga mg/dL. Wa matenda a shuga akhale woyamba pamndandanda wa m'mawa, asamwe mapiritsi a shuga a glibenclamide tsiku limenelo, ndipo ngati opaleshoni ikulola, jakisoni wapamsana ndiye womukomera: shuga sakwera kwambiri, ali maso moti akhoza kunena akayamba kunjenjemera, ndipo adya msanga. Metformin aimitsidwe ngati wodwala wauma kapena impso zikukayikitsa. Kutsika kwa shuga kumapha msanga kuposa kukwera, ndipo mwa munthu wogona sikuoneka. Mwana wonyentchera, wakumwa kachasu, ndi wolandira quinine ayezedwe asadagone ndiponso akangodzuka. Mwana akapezeka ndi shuga wotsika, dextrose wa 10% mamililita 5 pa kilogalamu.

Kusankha pa wodwala amene ali patsogolo panu

Mayi wa siza amene sakutaya magazi, ndi aliyense wa opaleshoni ya pansi pa mchombo amene ali ndi madzi okwanira, jakisoni wapamsana, ndipo mankhwala opha ululu alembedwe asadachoke ku fiyeta. Wotaya magazi, ketamine wochepa, okosijeni, madilipi awiri a singano zazikulu, ndipo opaleshoni isadikire kuti BP ikwere, chifukwa sikwera mpaka potayira patsekedwe. Wa matumbo opotana kapena oboola ndi wosiyana: iyeyu ola limodzi kapena awiri okonzekera amamuthandiza. Paipi ya m'mphuno ikhuthule m'mimba, katheta ilowe, Ringer's athamange mpaka mkodzo ufike 0.5 ml pa kilogalamu pa ola, ceftriaxone ndi metronidazole ziyambe, kenako ketamine, suxamethonium ndi paipi pakhosi, mpweya wogonetsa wochepa, ndi bupivacaine pabala potseka.

Amene akuoneka kuti adzafuna makina opumitsa, ndipo angapirire ulendo, atumizidwe ku Queens ku Blantyre asadang'ambidwe. Ulendo wokwera mapiri kuchokera ku Thabwa m'ambulansi yotentha umaumitsanso munthu, ndipo nthawi ya madzi osefukira, monga zidachitikira ndi anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, msewu ukhoza kuduka. Anyamuke ndi dilipi yoyenda ndi mabotolo apadera, paipi ya m'mphuno yotsegula, shuga atayezedwa, ndi kalata yonena nthawi imene adadya komaliza, madzi amene alowa, mkodzo umene watuluka, ndi mankhwala alionse ogonetsa amene adalandira m'miyezi itatu yapitayi.